Kuitana Nkhandwe Usiku: Luso la Mlenje, Lamulo la Dziko ndi Khola la Mlimi

Funso limene lili patsogolo pathu

M'midzi ya Kalonga Gawa Undi, kuyambira ku Mkaika m'boma la Katete, kudzera ku Sinda, kufikira ku Vubwi kumene dziko la Zambia lachita malire ndi Malawi ndi Mozambique, ngowerengeka alimi amene sanadzukepo m'mamawa n'kupeza nthenga zili mbwee pakhomo pa khola, thadzi limene ankasungira mlendo kapena sukulu ya mwana litapita ndi mdima. Pa zilombo zonse zimene zimasenzetsedwa mlandu wotere, nkhandwe ndiyo imatchulidwa msanga. Ndipo popeza masiku ano foni yafalikira m'midzi, ndipo pa foniyo achinyamata amaona alenje a maiko akutali akuliza mawu a kalulu wogwidwa pakati pa usiku, nkhandwe n'kubwera yokha chothamanga, iwo n'kuithobwa m'maso ndi nyali ndi kuiwombera, sichodabwitsa kuti mwini ziweto afunse ngati nzeru imeneyi singamuthandize iyenso.

Funsoli lili ndi nthambi zitatu, ndipo tikazisokoneza tidzaweruza mlandu mokhota. Yoyamba ndi iyi: kodi nkhandwe imabweradi ikaitanidwa, nanga chimene chimaikoka n'chiyani? Yachiwiri: kodi lamulo la dziko likumulola munthu kusaka motere? Yachitatu, imene ili yaikulu koposa: kodi kupha nkhandwe mwa njira imeneyi kumapulumutsadi nkhuku, mbuzi ndi moyo wa anthu? Pakuti chinthu chikhoza kutheka koma chili choletsedwa, ndiponso chikhoza kuloledwa koma chopanda phindu. Tsono tiyeni tione nthambi iliyonse payokha, mosafulumira, popeza akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nkhandwe imene tikuinena

Tisanaweruze chilombo tiyenera kuchidziwa, pakuti nkhandwe za padziko si mtundu umodzi. Nkhandwe yofiira ya ku Ulaya, imene imaoneka kawirikawiri m'mafilimu a alenje, kuno kwathu kulibe. Nkhandwe ya msana wakuda, imene imasautsa oweta nkhosa ku South Africa ndi ku Namibia, nayonso si ya m'nkhalango zathu za mombo, popeza mtundu umenewo unagawika pawiri, gulu lina kummwera kwa Afirika, lina kumaiko monga Tanzania ndi Kenya, ndipo ife tili pakati pa magulu awiriwo. Yathu ndi ija yotuwa, ya mzere woyererako m'nthiti ndi nsonga yoyera kumchira, yolemera makilogalamu 7 kufikira 12 kapena kuposerapo pang'ono, yoyenda usiku, yokonda madambo, m'mphepete mwa minda ndi m'tsinde mwa mapiri.

Nkhandwe imeneyi sisankha chakudya. Imadya mbewa ndi makoswe, ziwala ndi inswa, abuluzi, mazira a mbalame ndi nyama zofa zokha. Ndipo akatswiri amene anapima ndowe zake ku Zimbabwe anapeza kuti zipatso zam'tchire, monga maula ndi nkhuyu, ndi gawo lalikulu la chakudya chake. Ikapeza chimanga chachiwisi kapena nshawa sizileka, ndipo nkhuku yogona pansi kapena m'khola loboola imaitenga ndithu. Koma ilibe mbiri yakupha ziweto zazikulu monga mnzake wa msana wakuda. Yaimuna ndi yaikazi zimakhala pamodzi zaka zambiri, zikulondera dera lawo kuti nkhandwe zina zisalowemo. Yaikazi imakhala ndi bere miyezi iwiri, n'kuswa ana atatu kufikira asanu ndi mmodzi m'una kapena m'chulu chakale, makamaka m'chilimwe mvula ili pafupi, ndipo makolo onse awiri amadyetsa anawo.

Komabe dzina la nkhandwe linaipa kale pakati pathu. M'Buku Lopatulika timawerenga za nkhandwe 300 zimene Samsoni anazimanga miuni kumichira kuti zitenthe minda ya Afilisti, ndi za Herode amene Ambuye anamutcha nkhandwe. Ndipo akulu ambiri akale ankati ikalira pafupi ndi mudzi ndiye kuti ndi malodza. Chotero chilombochi chimafika pabwalo la milandu chili chotsutsidwa kale, mboni zisanalankhule.

Kumene luso loitana nyama linachokera

Makolo athu anali alenje, ndipo kusaka kwawo kunali ndi mwambo. Kunali uzimba wa m'chilimwe, pamene amuna a midzi ingapo ankatuluka ndi agalu, mikondo, zibonga ndi maukonde, mwini dziko atalola. Kunalinso mlenje woyenda yekha ndi uta, wotchera madiwa, makhwekhwe ndi mbuna. Ndipo pambuyo pake, amalonda a minyanga ochokera ku Tete ndi kugombe la nyanja yamchere atabweretsa mfuti za gogodela, panadzuka ziwinda zopha njovu ndi njati. Nyama yaikulu ikagwa, mfumu inkalandira gawo lake, ndipo minyanga ndi zikopa za mikango ndi anyalugwe zinali mtulo wopita kwa mafumu aakulu. Nkhandwe sinali nyama yoidzukira m'bandakucha, popeza anthu ambiri saidya. Inkaphedwa ikalowerera pamudzi.

Kutsanzira kulira kwa nyama si nzeru ya Azungu okha. Mnyamata woweta ng'ombe amene amafumbata manja n'kuuziramo kuti alire ngati njiwa ali kale pa chiyambi cha luso lomweli. Alenje a m'nkhalango za Cameroon ndi Congo amatsina mphuno n'kulira ngati kamwana ka gwape kogwidwa, agwape n'kubwera okha. Ndipo ku Niassa, kumpoto kwa Mozambique, Ayao ofula uchi ali ndi kaitanidwe kawo ka mbalame ya nsadzu. Katswiri Claire Spottiswoode ndi anzake anaonetsa m'chaka cha 2016 kuti mawu amenewo amakweza mwayi wopeza njuchi kuchoka pa maulendo 17 kufika pa 54 mwa maulendo 100 aliwonse. Apa tikuona kuti nyama zimamvadi mawu a munthu, ndi kuti luso limeneli lingagwiritsidwe ntchito popanda kukhetsa mwazi.

Angerezi atagonjetsa Mfumu Mpezeni m'chaka cha 1898, ulamuliro wa nyama unayamba kuchoka m'manja mwa mafumu kupita m'manja mwa boma. Kampani ya North Charterland inatenga malo aakulu, anthu anapanikizidwa m'madera ochepa, ziphaso za mfuti ndi za kusaka zinayamba, ndipo m'chaka cha 1942 kunakhazikitsidwa nthambi ya boma yoyang'anira nyama ndi kulimbana ndi kashembe. M'chaka cha 1950 woyang'anira nyama Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu kupatula malo osungirako nyama m'chigwa cha Luangwa, ndipo m'chaka cha 1972 South Luangwa inakhala paki. Kumtunda kuno, kumene minda ya chimanga, thonje, fodya ndi nshawa inadya nkhalango, nyama zazikulu zinasowa, n'kutsala akalulu, agwape, mbewa, afisi a m'mapiri ndi nkhandwe, zimene zimatha kukhala pafupi ndi anthu.

Kuitana nkhandwe usiku kuti uiwombere kunakula kumaiko ena, pa zifukwa za kumeneko. Ku Australia nkhandwe yofiira inachita kubwera ndi Azungu, ndipo itakhazikika m'zaka za m'ma 1870 inafalikira n'kuwononga nyama zazing'ono za dzikolo ndi ana a nkhosa; alenje akumeneko amaiitana ndi kawezulo kachitini, ndipo boma la chigawo cha Victoria linayamba kulipira mphotho pa nkhandwe yophedwa m'chaka cha 2011. Ku England ndi Wales lamulo la 2004 linaletsa kusaka nkhandwe ndi gulu la agalu, koma kuiwombera usiku ndi nyali, mwini malo atalola, kunatsala kololedwa. Ku America kunapangidwa makina oliza mawu ojambulidwa, ndipo ku South Africa kuli anthu amene ntchito yawo ndi kuyendayenda m'mafamu a nkhosa usiku, ataika mpando pamwamba pa galimoto, ndi chimkuzamawu, nyali yofiira ndi mfuti.

Chifukwa chake nkhandwe imabwera

Mawu a nyambo amagwira chilombo pa zinthu zitatu zimene Mlengi anaika m'chibadwa chake. Choyamba ndi njala: kulira kwa kalulu, mbewa kapena mbalame yogwidwa kumauza nkhandwe kuti pali chakudya chosavutikira, kapena kuti chilombo china chagwira nyama imene ingalandidwe, ndipo imadziwa kuti wochedwa apeza mafupa. Chachiwiri ndi nsanje ya malo: ikamva kulira kwa nkhandwe yachilendo m'dera lake, imabwera kudzaipirikitsa, makamaka nyengo yokwerana. Chachitatu ndi chifundo cha kholo: kulira kwa kamwana kovutika kumadzutsa yaikazi ndi yaimuna yomwe, ngakhale zili zokhuta.

Mawuwo amapangidwa m'njira zosiyanasiyana, ena poyamwa kuseri kwa dzanja ndi milomo, ena pouzira tsamba kapena wezulo, ena poliza makina. Koma chimene chimathandiza mlenje ndi khutu la nkhandwe, limene limamva tiphokoso tating'ono tosamveka kwa munthu ndi kuloza bwino kumene tachokera. Usiku wa bata mawu amapita kutali, ndipo mdima umachotsa mantha amene chilombo chili nawo masana. Maso ake amanyezimira nyali ikawalira chifukwa kuseri kwa diso kuli kachikopa kobweza kuwala, kamene kamathandiza nyama zoyenda usiku kuona mumdima. Ndipo alenje amakonda nyali yofiira popeza nyama za mtundu wa galu siziona bwino kufiira.

Koma nkhandwe ili ndi mlonda wake, ndiye mphuno. Kawirikawiri sibwera molunjika, koma imazungulira kufikira mphepo yochokera kumene kuli mawuwo iwombe pamphuno pake, ndipo ikangonunkhiza munthu imabwerera osaonekanso. Imene yaitanidwa n'kuphonyedwa imaphunzira, ndipo siiwala msanga. N'chifukwa chake alenje a ku South Africa amadandaula za nkhandwe zochenjera zimene sizimveranso chimkuzamawu. Zimene zimagwa msanga ndi zazing'ono, zongosiyana kumene ndi makolo, zanjala ndi zosadziwa dziko. Pamene nkhalamba yodziwa njira ya kukhola, imene ndiyo mwini mlandu, nthawi zambiri imapulumuka. Pa funso loyamba, tsono, yankho nlakuti inde, nkhandwe imabwera. Koma yobwerayo si nthawi zonse imene inadya nkhuku.

Chimene lamulo la Zambia likunena

Lamulo loyang'anira nyama zakutchire ndi Zambia Wildlife Act, nambala 14 ya chaka cha 2015, limene linathetsa bungwe la ZAWA ndi kupereka ntchito yake ku Department of National Parks and Wildlife kuyambira 2016. Lamuloli likuti nyama zakutchire zonse za m'dziko zili m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa mtundu wonse. Ndiko kunena kuti chilombo sichikhala chako chifukwa chakuti chaponda m'munda mwako, ndipo izi zili choncho ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi monga momwe zilili ku Luangwa. Kusaka kumafuna chiphaso, ndipo kukhala ndi mfuti kumafuna chiphaso chinanso, pansi pa lamulo la mfuti.

Pa nkhani yathuyi lamulo silibisa mawu: kusaka nyama nthawi ya mdima, ndi kugwiritsa ntchito tochi, nyali ya pamphumi imene anthu amaitcha bulala, kapena kuwala kwina kulikonse posaka, ndi mlandu, pokhapokha munthu atalandira chilolezo cholembedwa kuchokera kwa akuluakulu a nthambiyo. Poizoni ndi misampha ya waya nazonso nzoletsedwa. Chifukwa cha chiletsochi nchomveka, pakuti nyama yothobwa m'maso imangoima chilili, ndipo munthu mmodzi wa nyali akhoza kutha agwape ndi akalulu a dambo lonse pa nyengo imodzi.

Nzoona kuti lamulo lomwelo limalola munthu kudziteteza, ndi kuteteza ziweto ndi mbewu zake kwa chilombo chimene chikuwononga, malinga akanene msanga kwa oyang'anira nyama zimene wachita. Koma munthu woganiza bwino aona kusiyana kwa zinthu ziwirizi: kupeza nkhandwe ikuboola khola lako ndi kwina, ndipo kunyamula mfuti ndi chimkuzamawu kupita kudambo kukaitana chilombo chimene chinali pa ulendo wake ndi kwinanso; choyambacho ndi kuteteza, chachiwiricho ndi kusaka. Amene akukayika akafunse ku ofesi ya oyang'anira nyama asanachite kanthu, pakuti safunsa anadya phula.

Maganizo a mbali zonse

Ovomereza njira imeneyi ali ndi mfundo zoyenera kuzimva mwaulemu. Iwo amati mlimi amene amadalira nkhuku khumi ndi mbuzi zitatu sangauzidwe kuti apirire, pamene amene akumuuzayo sanatayepo kanthu. Amatinso pa njira zonse zophera chilombo, kuitana ndi kuwombera ndiko kosankha bwino, popeza poizoni amapha agalu, miimba ndi chilichonse chodya nyamayo, ndipo waya amagwira mbuzi, mwana wa ng'ombe ndi nyama yosalakwa, n'kuizunza masiku ambiri. Pamene chipolopolo cholunjika bwino chimatha ntchito nthawi yomweyo.

Otsutsa amayankha kuti nkhandwe ndi wantchito wa mlimi amene salandira malipiro, pakuti mbewa ndi makoswe zimene imadya chaka chonse zikanadya mbewu m'munda ndi m'nkhokwe, nyama zofa zimene imachotsa zikanawola pafupi ndi midzi, ndipo njere za masuku ndi maula zimene imamwaza ndizo mitengo ya mawa. Amatinso kupha kholo m'chilimwe ndi kuphanso ana amene atsala kuuna, ndi imfa ya njala; ndi kuti kunyenga chilombo ndi kulira kwa mwana wake ndi chinthu chimene mtima wa munthu woopa Mulungu uyenera kuchilingalira kawiri.

Pakati pa awiriwa pali gulu lachitatu, limene akatswiri ambiri a ziweto ndi a nyama zakutchire alimo. Iwo amati kuteteza kuyambe, kupha kutsirize. Ndipo ngati kupha kwafunika, kukhale kwa chilombo chimodzi chodziwika bwino kuti ndicho chikuwononga, kochitidwa ndi anthu ololedwa, osati nkhondo yolimbana ndi mtundu wonse.

Zimene zadziwika ndi zimene akutsutsanabe

Dziko limene layesa kwambiri kutha nkhandwe ndi South Africa, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro. Bungwe la alenje lotchedwa Oranjejag, limene linagwira ntchito m'chigawo cha Free State kuyambira 1966 kufikira 1993 mothandizidwa ndi boma, linapha nyama zikwizikwi ndi agalu, misampha ndi poizoni. Koma zochuluka mwa zophedwazo zinali tinkhandwe tating'ono ta mtundu wina, todya kwambiri mbewa ndi tizilombo, ndipo nkhandwe ya msana wakuda ilipobe m'mafamu kufikira lero. M'chaka cha 2016 katswiri Liaan Minnie ndi anzake anaonetsa kuti m'mafamu mmene nkhandwe zimaphedwa kwambiri, zotsala zimayamba kuswa zikali zazing'ono ndipo zimaswa ana ochulukirapo, kuyerekeza ndi za m'malo otetezedwa. Chifukwa chake nchakuti eni dera akaphedwa, chakudya chimachuluka kwa otsala, ndipo nkhandwe zoyendayenda zimalowa m'malo osiyidwawo, monga chitsime cha padambo chimene ukachikapa madzulo, m'mawa upeza chadzazanso.

Chimene akatswiri sanamvane ndi kukula kwa phindu la kupha. Ku Britain, kusaka ndi agalu kutaimitsidwa m'chaka cha 2001 chifukwa cha mliri wa zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi a ng'ombe, ofufuza ena anapeza kuti nkhandwe sizinachuluke; koma ena anaonetsa kuti kumene alenje ambiri amapha mosalekeza m'dera lalikulu, chiwerengero chimatsikadi. Ambiri amavomereza kuti kupha chilombo pafupi ndi khola nyengo imene ziweto zikuswa kungapereke mpumulo wa masabata kapena miyezi. Chimene palibe angalonjeze ndi mpumulo wokhalitsa, popanda kubwereza chaka ndi chaka ndi ndalama zambiri. Ngati zili choncho kwa mlimi wa nkhosa zikwi, wokhala ndi galimoto ndi mpanda wa waya, koposa kotani kwa mlimi wa kwa Kawaza, kwa Mbang'ombe kapena kwa Pembamoyo, amene mtengo wa mfuti, chiphaso ndi zipolopolo ungapose mtengo wa nkhuku zake zonse? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Nkhani ya chiwewe

Mfundo yolemera koposa ya ofuna kupha nkhandwe ndi matenda a chiwewe, ndipo siyenera kupeputsidwa, pakuti munthu amene zizindikiro za matendawa zamuonekera sachira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi chiwewe chaka chilichonse, ambiri mwa iwo mu Afirika ndi ku Asia, ndipo ana amalumidwa kawirikawiri. Nkhandwe imatenga matendawa ndipo imawafalitsa. Ku Zimbabwe miliri ya chiwewe pakati pa nkhandwe inalembedwa kwa zaka zambiri, makamaka m'madera a mafamu akuluakulu. Pamene akatswiri amasiyana ndi apa: ena amati nkhandwe zikachuluka zikhoza kusunga matendawa pazokha, ena amati moto umayambira kwa agalu a m'midzi, ndipo popanda agalu odwala ukanazima wokha.

Koma pa chinthu chimodzi onse amavomerezana: pafupifupi anthu 99 mwa 100 odwala chiwewe amachitenga kwa galu, ndipo agalu 70 mwa 100 a m'dera akalandira katemera chaka ndi chaka, matendawa amaduka. Ku Ulaya anayesa kwa zaka zambiri kuthetsa chiwewe pakupha nkhandwe, koma sanapambane. Chimene chinathandiza ndi katemera wobisidwa m'nyambo, amene dziko la Switzerland linayamba kumwaza m'chaka cha 1978, litamuika m'mitu ya nkhuku. Komanso nkhandwe yachiwewe siyembekezera kuitanidwa: imataya mantha, imafika pamudzi dzuwa lili pamutu, imaluma agalu, ng'ombe ndi anthu. Yotereyo iyenera kunenedwa msanga kwa alangizi a ziweto, ndipo mtembo wake usagwidwe ndi manja kapena kusendedwa. Wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo apite tsiku lomwelo kuchipatala chapafupi, kapena ku St Francis ku Katete, kapena ku Nyanje ku Sinda, osayamba wadikira kuti aone ngati bala lipola.

Zoopsa za mfuti mumdima

Pali chinanso chimene mafilimu a alenje saonetsa. Famu ya ku South Africa kapena ya ku Australia ndi chipululu cha mwini mmodzi, chokhala ndi nyumba imodzi pa mtunda wautali. Koma kwathu kuno mudzi uli pafupi ndi mudzi, ndipo njira za kudimba, za kumaliro ndi za kuchigayo zimadutsa m'madambo momwemo mmene mlenje angaime. Maso onyezimira mumdima sanena mwini wake: angakhale a galu wa mnansi, a mbuzi yosochera kapena a mwana wa ng'ombe, ndipo kuseri kwa ng'ombeyo kungakhale mnyamata amene watumidwa kukaifuna. Chipolopolo cha raifulo chikaphonya chimapitirira kilomita, ndipo gogodela wosulidwa pamudzi amatha kuphulikira mwini wake.

Ndiponso kulira kwa nyama yogwidwa sikuitana nkhandwe yokha. Fisi amakumva, nyalugwe amakumva kumene aliko, ndi agalu a m'midzi amathamangirako. Munthu amene akuliza mawu otere pafupi ndi mudzi akuphunzitsa zilombo njira ya kukhola. Ndipo m'dera limene kuba ng'ombe ndi nkhawa ya anthu, woyenda usiku ndi mfuti ndi nyali akhoza kuyesedwa wakuba, mlandu n'kukula kuposa nkhuku imene inayambitsa.

Chimene mlimi angachite

Choyamba ndi kudziwa wolakwa weniweni. Phazi la nkhandwe limafanana ndi la galu wamng'ono, zikhadabo zikuoneka. La vumbwe ndi lozungulira, lopanda zikhadabo. Likongwe, mphamba ndi kabawi amatenga anapiye masana. Chiuli amaphwasula khola ndi mphamvu. Ndipo pamene nkhuku yasowa popanda nthenga kapena magazi, nkhaniyo ndi ya kwa anyakwawa, si ya kutchire. Tisaiwalenso kuti mdani wamkulu wa nkhuku zam'midzi ndi chitopa, chimene chimatha kupululutsa khola lonse pa masabata ochepa, pamene katemera wake ndi dontho limodzi m'diso, lobwerezedwa miyezi itatu kapena inayi iliyonse.

Chachiwiri ndi khola. Nkhandwe sikwera mitengo ngati vumbwe, ndipo khola la nkhuku lokwezedwa pa mitengo yolimba, lopanda mipata, lotsekedwa dzuwa likamalowa, limaithetsa nzeru. Chimodzimodzinso khola la mbuzi la m'mwamba, limene limatetezanso ziweto ku matope ndi matenda a m'mapazi. Ana a mbuzi asagone kutchire; nyama zofa, matumbo ndi nthenga zikwiriridwe mozama, popeza fungo lake ndilo limayamba kuitana chilombo; galu adyetsedwe, alandire katemera, agone pakhomo. Zonsezi zichitike chilombo chisanalawe, pakuti nkhanga zinapangana kusanapse.

Chachitatu ndi kugwirizana. Chilombo chikapitirira kuvuta, mudzi ukanene kwa anyakwawa ndi kwa oyang'anira nyama, amene ali ndi mphamvu ya lamulo yochotsa chilombo chovutitsa. Bungwe la COMACO, limene linayamba m'chaka cha 2003 m'chigawo chino cha Kummawa, laonetsa kuti alenje akhoza kupereka mfuti ndi mawaya awo n'kupeza moyo pa ulimi ndi njuchi. Ndipo luso loitana nyama lili ndi ntchito yabwino: akatswiri amaliza mawu ojambulidwa usiku m'mapaki monga Kruger kuti awerenge afisi ndi mikango imene yabwera, popanda kupha ngakhale imodzi; chotero mnyamata wa khutu lakuthwa ndi wodziwa mapazi a nyama angapeze ntchito yolemekezeka m'njira imeneyi, yolondera nyama kapena yotsogolera alendo ku Luangwa.

Mawu otsiriza

Tsono mlandu tauona mbali zonse. Nkhandwe imabweradi ikaitanidwa, koma yobwerayo kawirikawiri si yolakwa. Lamulo la Zambia likuletsa kusaka usiku ndi nyali popanda chilolezo. Malo a nkhandwe yophedwa satenga nthawi kudzazidwa ndi ina. Ndipo chiwewe chimagonjetsedwa ndi katemera wa agalu, osati ndi chipolopolo. Chifukwa chake tikupempha mafumu athu, amene chaka ndi chaka m'mwezi wa Ogasiti amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba kudzanena za moyo wa anthu awo, pamodzi ndi anyakwawa, aphunzitsi ndi akulu a mipingo, kuti nkhani ya makola olimba ndi katemera wa agalu ndi nkhuku aiike pakati pa nkhani za mudzi, popeza mutu umodzi susenza denga. Ndipo inu a ziweto, ndalama imene mukanagulira tochi, wezulo ndi zipolopolo, gulirani misomali, waya wa khola ndi katemera. Mukatero mudzasunga nkhuku zanu, ana anu, ndi mtendere wanu ndi lamulo.